Momwe mungatetezere seva yakale ya Linux kuti wogwiritsa ntchito wamba asasanduke root

M'maofesi ndi m'masukulu ena kuno ku Zomba muli seva za Linux zomwe amene anaziika anachoka kalekale. Zimayaka bwinobwino, ndiye palibe amazikhudza. Choopsa chenicheni pa makina otere ndi munthu amene ali kale ndi akaunti, kapena amene waba pasiwedi ya mnzake.

Mapulogalamu monga sudo ndi passwd ali ndi chizindikiro cha SUID, choncho amayenda ndi mphamvu za root (akaunti yolamulira chilichonse pa makinawo) ngakhale wowatsegula ndi munthu wamba. Pulogalamu yotere ikalandira zilembo zoposa malo omwe inazikonzera mu memory, zotsalazo zimasefukira pamalo ena ngati madzi a m'ndowa yodzaza. Imeneyi ndiyo buffer overflow, ndipo katswiri angaigwiritse ntchito kulanda makina onse.

Yambani ndi sudo. Mu Januwale 2021 kampani ya Qualys inaulula vuto la buffer overflow lodziwika ndi nambala ya CVE-2021-3156, lomwe linakhala mu sudo kuyambira 2011 osaoneka. Lowani ndi akaunti wamba n'kulemba `sudoedit -s /`. Yankho likayamba ndi "usage:", vutoli linakonzedwa. Likayamba ndi "sudoedit:", makinawo ali pachiopsezo. Musadalire nambala ya version yokha: sudo anaikonza mu 1.9.5p2, koma Ubuntu ndi Debian amaika zokonzazo m'ma version akale osasintha nambala yaikulu.

Kenako, pa Ubuntu kapena Debian, lembani `sudo apt update && sudo apt upgrade` kuti mulandire zokonza zatsopano. Ngati version yanu ikulandirabe zokonza, izi zimatsekanso CVE-2023-4911, buffer overflow ya mu glibc (laibulale yomwe mapulogalamu ambiri a Linux amadalira) yomwe inaululidwa mu Okutobala 2023. Bandulo idzatha ndithu, koma musadule pakati, ndipo onetsetsani kuti UPS ndi yodzaza ngati magetsi akuvuta. Dziwaninso kuti CentOS 7, mtundu wina wa Linux, inasiya kulandira zokonza pa 30 Juni 2024. Pamenepo palibe chigamba chothandiza, sungani mafayilo anu n'kuika dongosolo latsopano.

Chachitatu, onani mapulogalamu onse a SUID polemba `find / -perm -4000 -type f 2>/dev/null`. Werengani mndandandawo mofatsa. Pa passwd, su ndi sudo musachotse chizindikirocho, mungadzitsekere kunja nokha. Koma pulogalamu ya pkexec, yomwe inapezeka ndi vuto la PwnKit mu 2022, pa seva yopanda desktop kawirikawiri sifunika, ndipo `sudo chmod 0755 /usr/bin/pkexec` imaichotsera mphamvuzo.

Lembaninso `cat /proc/sys/kernel/randomize_va_space`. Payenera kutuluka 2, kusonyeza kuti chitetezo chosinthasintha malo a mapulogalamu mu memory, chomwe chimavutitsa ogwiritsa ntchito buffer overflow, chikugwira ntchito mokwanira.

Pomaliza, maakaunti. Ophunzira amene anabwera kudzaphunzira ntchito, ogwira ntchito amene anasamuka, akaunti ya "test" ija: zonsezi zitsekeni ndi `sudo usermod -L -e 1` motsatiridwa ndi dzina la akauntiyo, ndipo mufufute makiyi awo a SSH (olowera pa seva ali kutali) mu fayilo ya authorized_keys.