Kusintha ekizozi ya kagalimoto ka nitro osaotcha injini

Ambiri akagula kagalimoto ka rimoti koyendera mafuta otchedwa nitro, kaya ka Traxxas kaya ka HPI, amangoona ngati ekizozi ija ndi ya phokoso basi. Ayi ndithu. Injini yake ndi ya two-stroke, ndiye utsi ukatuluka mphamvu yake imakagunda kumapeto kwa payipi nkubwerera, nkukankhira mu silinda mafuta omwe anayamba kuthawa. Nchifukwa chake kutalika kwa payipi kuli ndi nkhani.

Dikirani kaye izizire, kachitsulo kameneka kamaotcha zala osati masewera. Kenako onani injini yanu, utsi umatulukira m'mbali kapena kumbuyo, komanso saizi yake, payipi ya injini ya saizi .21 osaikakamiza pa injini yaing'ono ya .15. Masulani masikuluu kapena masipulingi a header, kapayipi kolumikiza injini ndi payipi yaikulu ya ekizozi, gasket ikakhala yong'ambika sinthani pompo.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Header yaitali imapatsa mphamvu ponyamuka, yaifupi imapatsa liwiro mukathamanga patali. Ine ndimaseweretsa pakabwalo ka fumbi kuno ku Matawale, pokhotakhota, ndiye yaitali ndi imene imandikomera, koma ngati muli ndi malo otambalala mutha kufupikitsa. Musanagwire sowo yesani kaye kusuntha payipi mkati mwa ka silicone kolumikizira kaja, kungoti zitsulo ziwirizo zisagundane, siyani kampata pang'ono nkumanga ndi ma zip tie. Ngati simukukhutirabe ndiye dulani header itachotsedwa pa galimoto, mamilimita 2 kapena 3 okha, yesani, nkudulanso ngati pakufunika, paja mukadula mopyola simungabwezerenso. Palani m'mphepete nkutsuka bwinobwino, tizidutswa ta aluminiyamu tikalowa mu injini pistoni yatha.

Kapayipi kakang'ono kochoka pa ekizozi kupita ku thanki osakaiwala chonde. Ndi kamene kamakankha mafuta kupita ku kabuleta. Ine ndinakasiya kakulendewera tsiku lina, galimoto kumangozima, ine busy kutukwana glow plug, kapulagi koyatsa mafuta mu injini, kosalakwa. Kabowo kotulukira utsi nako osakakulitsa ndi dirilo, presha ya ku thanki imatsika.

Mukamaliza, tyuni yakale yatha ntchito. Tsegulani high speed needle, kasingano ka pa kabuleta kochulutsa kapena kuchepetsa mafuta, pang'ono, kuzungulira mosemphana ndi kayendedwe ka wotchi, kuti mafuta achuluke, kenako muzitseka pang'onopang'ono 1/8 ya kuzungulira kumodzi nthawi imodzi mukuyendetsa. Utsi wabuluu uzioneka, mafuta ake ndi methanol, nitromethane ndi oyilo, ndiye utsi ukasowa dziwani kuti injini ikuuma. Pamutu pa injini pazitentha cha m'ma 105 mpaka 120 digiri Celsius, ngati mulibe choyezera dontheza madzi pang'ono, akangophwa nthawi yomweyo yatentha kwambiri, zimitsani.

China, tyuni ya mtauni siyikhala ya kuphiri. Mukakwera nako ku Ku Chawe mpweya umachepa, kamayamba kulemera ngati kamwa mafuta ambiri ndiye mumatseka pang'ono, koma mukatsika mutsegulenso musanalize.