Cenjezo kwa ofunsila thandizo la maphunzilo: musalipile munthu kuti akuikeni pa mndandanda

Cidziwitso ici ndi ca ana a sukulu amene amaliza Giledi 12, ophunzila a m'makoleji ndi m'mayunivesite, komanso makolo ndi aphunzitsi amene amawathandiza kulemba mafomu. Colinga cake ndi kufotokoza mmene akawalala amadzicititsila ngati mabungwe opeleka thandizo la maphunzilo, ndi zimene wofunsila ayenela kucita asanatumize ndalama kapena mapepala.

Bungwe loona lopeleka sikolashipi siligulitsa malo. Chevening, imene ndi ya boma la Britain, imafunsilidwa pa webusaiti yake popanda kulipila. Pulogilamu ya Mastercard Foundation imadzela m'mayunivesite ndi mabungwe amene imagwila nawo nchito, ndipo wofunsila amalembela kumeneko, osati kwa munthu wa pa WhatsApp. Kuno kwathu, ngongole za ophunzila ndi masikolashipi a boma amayang'anilidwa ndi HELSB, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 m'malo mwa Bursaries Committee yakale.

Pano mvetsetsani bwino, cifukwa ambili amasokoneza. Loni ya HELSB ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza maphunzilo. Sikolashipi ndi thandizo limene simubweza ngati mwasunga malamulo ake. Basale ya CDF (ndalama za boma za citukuko ca m'konsityuwensi) ndi ina: imathandiza ana a sekondale ya boarding ndi acinyamata ophunzila nchito za manja, ndipo mafomu ake amadzela ku Ward Development Committee ndi ku khansolo. Kucokela mu 2022, pamene ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsityuwensi iliyonse, anthu ofunsila basale anaculuka, ndipo pamene pali mzele wautali sipalephela munthu wonena kuti adziwana ndi a m'kati. Munthu wotelo musamupatse kanthu. Ngati ndi wakuba, ndalama yapita. Ngati alidi wa mu ofesi, zimene akupempha ndi ziphuphu, ndipo nkhaniyo ndi ya Anti-Corruption Commission.

Izi sizitanthauza kuti palibiletu zolipila. Fomu yofunsila malo pa yunivesite, pasipoti, mayeso a Cizungu monga IELTS, kupimidwa ku cipatala, zonsezi zili ndi mtengo wake. Kusiyana kwake ndi uku: ndalamazo zimapita ku akaunti ya bungwelo ndipo mumapatsidwa lisiti. Sizipita pa nambala ya munthu.

Nthawi zambili cinyengo cimayamba ndi uthenga wakuti mwasankhidwa. Dzifunseni coyamba ngati munafunsilako. Sikolashipi imene simunalembele siingakusankheni. Uthengawo umabwela ndi cizindikilo ca bungwe cokopeledwa pa intaneti, kalata yokhala ndi cidindo, ndi mau akuti malo atsala ocepa, lipilani lelo lisanathe. Kufulumizitsa kumeneku ndi dala, safuna kuti mupeze mpata wofunsa munthu wina. Amayamba ndi kandalama kocepa ka kulembetsa, kamene kholo lingakwanitse pogulitsa thumba la cimanga. Mukalipila, mawa lake kwabwela ya inshuwalansi, kenako ya viza, kenako ya tikiti ya ndeke. Munthu amapitiliza kulipila cifukwa comvela cisoni zimene wapeleka kale, mpaka tsiku limene foni ija yaleka kulila ndipo gulu la pa WhatsApp lafufutidwa.

Yang'anani adilesi ya imelo cilembo ndi cilembo. Maofesi a boma la Zambia amagwilitsa nchito maadilesi othela ndi gov.zm, ndipo mayunivesite ambili a kuno ac.zm. Kalata yocokela pa Gmail imene ikuti ndi ya ofesi ya kazembe ndi yokayikitsa. Linki imene ikuuzani kuti muitumize kaye ku magulu angapo kuti fomu itseguke nayonso ndi msampha. Tsamba la pa Facebook lokhala ndi otsatila ambili si umboni, otsatila amagulidwa.

Langizo limene ine ndimaona kuti limapulumutsa ambili ndi ili. Potumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo, foni imaonetsa dzina la wolandila musanalembe PIN. Imani pamenepo, welengani. Ngati akuti ndi bungwe la ku London koma pa foni patuluka dzina la munthu wamba, dinani batani lobwelela. Akakuuzani kuti ameneyo ndi akauntanti wao, kapena kuti akaunti ya ofesi ili ndi vuto lelo, dziwani kuti mwalankhula ndi wakuba.

Mapepala a wofunsila ayenela kusungidwa mosamala ngati ndalama. Ena safuna ndalama poyamba, afuna cabe cithunzi ca NRC yanu kutsogolo ndi kumbuyo, satifiketi ya ECZ, ndi cithunzi ca nkhope yanu. Ndi zimenezi angayese kulembetsa SIM kapena kutenga ngongole m'dzina lanu, inu n'kudzadzidzimuka okongoza akukufunani. PIN yanu ndi manambala acinsinsi amene amabwela pa SMS sizipelekedwa kwa wina aliyense, ngakhale atanena kuti afuna kukuikilani ndalama ya cakudya. Popeleka fotokope, lembani pamwamba pake ndi bolopeni tsiku ndi kumene ikupita. Ma satifiketi enieni ndi pasipoti musasiyile ejenti.

Musanavomele malo, fufuzani nokha. Nambala yoimbila muitenge pa webusaiti ya bungwelo kapena mupite ku ofesi, musagwilitse nchito imene ili pa kalata yokayikitsayo, cifukwa adzayankha ndi wakuba yemweyo. Ngati koleji ili m'Zambia, onani ngati inalembetsedwa ku Higher Education Authority, kapena ku TEVETA ngati ndi ya nchito za manja. Ngati ili kunja, funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lusaka, ndipo funsaninso ku ZAQA, bungwe la boma lotsimikizila masatifiketi, za satifiketi imene mudzabwela nayo. Makolo, samalani kwambili ndi malonjezo a maphunzilo aulele ophatikiza nchito kunja, makamaka ofuna atsikana okha, pamene dzina la sukulu silichulidwa bwino. Apa cimene cingatayike si ndalama cabe, ndi mwana. Aphunzitsi a guidance pa sukulu yake yakale angakuthandizeni kuona ngati kalatayo ili bwino.

Ngati mwatumiza kale ndalama, musabise cifukwa ca manyazi. Imbani ku kampani ya foni yanu nthawi yomweyo ndi kuwapatsa nambala ya transaction, popeza ndalama ikatapidwa pa buthu kuibweza kumavuta. Sungani mauthenga onse, ajambuleni asanawafufute, ndipo kaneneni ku polisi. Nambala ya wakubayo ipelekeni ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anila za mafoni ndi intaneti, podina *707#. Pambuyo pake angakuimbileni wina wonena kuti ndi wapolisi kapena wa ku kampani ya foni, wakuti adzakubwezelani ndalama mukalipila pang'ono. Kawilikawili amakhala gulu lomwelo, ndipo nambala yake nayo muinene.