Lamba wa wotchi akakula, mutha kumuchepetsa nokha

Mawotchi ambiri achitsulo omwe timagula ku Taifa Market, msika wa ku Mzuzu, amabwera ndi lamba wamkulu, wogwedera pamkono. Musalipire munthu pa ntchito imeneyi, ndi yosavuta.

Yambani mwaona pa loko, pomwe lamba amatsekera. M'mbali mwake mumakhala timabowo tingapo; mukadina kachitsulo ka sipuling'i n'kukasunthira bowo lamkati, lamba amafupika pang'ono, ndipo nthawi zina basi zathera pomwepo.

Akakhwepabe, muyenera kuchotsako timagawo ta lamba, ndiye tembenuzani lambayo. Mkati mwake muona timivi. Timivi timeneti tikuloza komwe pini yolumikiza timagawo imatulukira, ndiye musalimbane nayo mobwerera, mungoipinda. Yalani nsalu yoyera patebulo, ikani lamba chammbali pa kathabwa koboola, lowetsani kachitsulo kotulutsira SIM kadi pabowo la pini, n'kugogoda pang'onopang'ono ndi kahamala. Pini ikasuzumira kunsi, isololeni ndi pulayala. Pobwezeretsa, ilowetseni molimbana ndi muvi, mbali ya pini yomwe ndi yong'ambika ilowe pomaliza. Nsaluyo si ya mwambo chabe: mawotchi ena, monga a Seiko, amakhala ndi kachubu kakang'ono kogwira pini, ndipo kakagwa pa simenti kapita.

Chotsani timagawo mbali zonse ziwiri za loko, osati kumodzi, apo ayi wotchi imapendekera.

Musathinitse kwambiri. Mukayeza m'mawa kukuzizira kuno ku Mzuzu mkono umakhala utaphwa, koma mukatsikira ku Nkhata Bay kotentha umafufuma. Siyani mpata woti chala chaching'ono chilowe, ndipo timagawo totsalato musunge m'kabotolo.