Mukapita ku Taizé: Momwe Mungaonere Cluny ndi Midzi Yozungulira pa Njinga ndi Wapansi

Taizé ndi kamudzi kakang'ono ka paphiri m'chigawo cha Bourgogne ku France. Kanatchuka chifukwa cha gulu la abale achikhristu lomwe Frère Roger anayambitsa atafika kumeneko mu 1940. Ngati parishi kapena mpingo wanu kuno ku Mzuzu wakupezerani malo, musamalize ulendo wonse muli m'kati mwa mpanda. Koma musadalirenso kuti mudzayenda pakati pa sabata ya mapemphero: mapemphero amachitika m'mawa, masana ndi madzulo, pakati pake pali magulu a Baibulo ndi ntchito, ndipo abale amapempha alendo kukhala nawo pa zonsezi. Njira yabwino ndi kuwonjezera masiku awiri pa tikiti, sabata isanayambe kapena ikatha, n'kupeza pogona m'tawuni ya Cluny kapena m'mudzi wa Cormatin, pafupi ndi Taizé.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi mayendedwe. Kumidzi ya ku France kulibe minibasi yodikira kudzaza, kulibe kabaza pamphambano. Kuchokera ku Paris, sitima yothamanga kwambiri ya TGV yonyamuka pa siteshoni ya Gare de Lyon imafika pa siteshoni ya Mâcon-Loché pasanathe maola awiri. Dziwani kuti Mâcon ili ndi masiteshoni awiri, Mâcon-Loché wa kunja kwa tawuni ndi Mâcon-Ville wa pakati, ndiye onetsetsani pa tikiti pomwe mukutsikira. Kuchokera ku Mâcon pali basi ya Mobigo yopita ku Chalon-sur-Saône yomwe imadutsa Cluny, Taizé ndi Cormatin. Basiyi imayenda kangapo chabe patsiku, ndipo Lamlungu ndi masiku a tchuthi imachepanso. Jambulani ndandanda yake pafoni, lembani nthawi ya basi yomaliza, ndipo fikani pasiteji mphindi khumi nthawi isanakwane, chifukwa dalaivala sayembekeza munthu amene akuthamanga kuchokera kutali. Ikamabwera ikwezereni dzanja.

Zoyamba kuona zili pamudzi pomwepo ndipo n'zaulere. Kupatula tchalitchi lalikulu la Réconciliation la mu 1962, pali katchalitchi kamiyala ka m'zaka za m'ma 1100, ndipo manda a Frère Roger, yemwe anaphedwa pa 16 Ogasiti 2005, ali pafupi ndi khomo lake. Kumunsi kwa phiri kuli Source Saint-Étienne, nkhalango yokhala ndi dziwe, komwe sakulola phokoso. Mudzi wa Ameugny uli pafupi, woyendeka wapansi, ndipo nawo uli ndi tchalitchi lakale.

Tsiku loyamba lipatseni Voie Verte. Imeneyi inali njanji, ndiye anachotsa zitsulo n'kuthira phula kuti pazidutsa njinga ndi oyenda pansi okha. Gawo la pakati pa Givry ndi Cluny linatsegulidwa mu 1997. Popeza sitima sikwera zitunda zolimba, njirayi ndi yosalala, ndipo imadutsa m'munsi mwa phiri la Taizé. Kulowera kum'mwera, Cluny ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10: mphindi 40 pa njinga, maola awiri ndi theka wapansi. Kulowera kumpoto, Cormatin ili pa makilomita pafupifupi 4.

Njinga zimabwerekedwa ku Cluny ndi ku Cormatin. Amafuna chiphaso ndi chikole, nthawi zambiri kudzera pa khadi la banki, choncho funsani kubanki kwanu musanachoke ngati khadi lanu ligwira ntchito kunja. Musananyamuke yesani mabuleki: pa njinga za ku France buleki ya kumanzere ndiyo imagwira gudumu la kutsogolo, ndipo mukaifinya mwamphamvu pamtsetse mudzagwa chamutu. Pemphani loko, pampu ndi chubu chapadera. Kumeneko amayendetsa kudzanja lamanja, ndiye ngozi imakhala pomwe njirayi ikudula msewu wa magalimoto, chifukwa mutu wozolowera misewu ya kwathu umayamba kuyang'ana kumanja. Yambani kumanzere. Mukamayenda wapansi mumsewu wopanda mbali, khalani kumanzere kuti muziyang'anizana ndi magalimoto.

Ku Cluny musafulumire. Nyumba ya amonke ya kumeneko inakhazikitsidwa mu 910, ndipo tchalitchi lake lachitatu, lomwe anayamba kumanga mu 1088, linali lalitali mamita 187. Linali lalikulu kuposa onse m'Chikhristu mpaka pomwe anamanganso la Petro Woyera ku Roma. Anthu a ku France ataukira ufumu mu 1789, tchalitchi la ku Cluny linagulitsidwa, anthu n'kumagumula miyala yake kukamangira nyumba, moti chatsala ndi kachigawo kochepa ndi nsanja yotchedwa Clocher de l'Eau Bénite. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa: amalowa, amaona khoma limodzi lalitali, n'kumafunsa kuti tchalitchilo lili kuti. Yambani ndi kukwera Tour des Fromages, nsanja ya masitepe 120 yomwe khomo lake lili pa ofesi yoona za alendo. Muli pamwamba mudzaona pomwe tchalitchi linayambira ndi pomwe linathera, ndi nyumba za tawuni zomwe zinamangidwa pakati pake. Mukatsika n'kulowa m'mabwinjamo zonse zimamveka. Polipira, ana osakwana zaka 18 salipira, koma ulere wa azaka 18 mpaka 25 ndi wa nzika ndi okhala m'mayiko a European Union, ndiye wachinyamata wa pasipoti ya Malawi akonzekere ndalama. Loweruka m'mawa kumakhala msika, ndipo ndi malo abwino ogulira buledi, tchizi cha mkaka wa mbuzi ndi zipatso za kamba wa paulendo.

Cormatin ndi ya theka la tsiku. Kuli chinyumba cha anthu olemekezeka (château), nyumba ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, yozunguliridwa ndi madzi, ya zipinda zopakidwa golide, ndi munda wa mipanda ya zitsamba wosocheretsa. Zipindazo mumaloŵa ndi wokutsogolerani pa nthawi zoikika, ndiye funsani nthawi yotsatira mukangofika. Amene miyendo idakali ndi mphamvu apitirire kum'mawa mpaka Chapaize, komwe kuli tchalitchi la m'zaka za m'ma 1000 la nsanja ya mamita 35. Kuyambira apa msewu ndi wa zitunda, si Voie Verte ayi.

Tsiku lachiwiri musankhe chimodzi, phanga kapena thanthwe. Mapanga a ku Azé ali ndi mtsinje wa pansi pa nthaka ndi mafupa a zimbalangondo zakalekale. A ku Blanot ndi otsetsereka kwambiri, osayenera wa mawondo ovuta. M'kati mumazizira ngati Mzuzu m'mawa wa Juni ngakhale kunja kukutentha, choncho tengani juzi. Thanthwe ndi Roche de Solutré, la mamita 493, kumadzulo kwa Mâcon, pakati pa minda ya mpesa ya Pouilly-Fuissé. Patsinde pake anapezapo mafupa ambirimbiri a akavalo omwe alenje akale ankapha, ndipo pali nyumba yosungiramo zakale zimenezi. François Mitterrand, yemwe anali mtsogoleri wa France, ankalikwera chaka ndi chaka pa Pentekoste. Kukwera sikufika ola limodzi, koma pamwamba pali phompho, ndiye ana muwagwire dzanja. Opita pa njinga kuchokera ku Cluny amadutsa mumsewu woboola phiri wa Bois Clair, wa makilomita 1.6. Umenewu amautseka nyengo yozizira, kuyambira Okutobala mpaka cha mu Epulo, chifukwa mileme imagona m'menemo, ndipo njira yolambalala ndi yachitunda cholimba.

Njira za wapansi zili ndi zizindikiro za penti pamitengo ndi pamiyala. Mzere woyera pamwamba pa wofiira ndi GR, njira yaitali ya masiku ambiri. Wachikasu wokha ndi njira yaifupi, kawirikawiri yobwerera pomwe munayambira, ndipo imeneyi ndiyo yanu. Mtanda wa X ukutanthauza kuti kumeneko si konko. Mukayenda mphindi khumi osaona chizindikiro, bwererani pa chomaliza, musadule m'munda. Minda ndi ya eni ake, waya wa m'mipanda ya ng'ombe zoyera za Charolais nthawi zambiri umakhala ndi magetsi, ndipo ng'ombe ya mwana siifuna mlendo. Chipata chimene mwachipeza chotseka chitsekeninso. Mpesa wa m'mbali mwa njira musathyole ngakhale phava limodzi. Mapu a IGN, bungwe la boma lojambula mapu, a 1:25 000 amagulitsidwa m'masitolo a mabuku. Apo ayi, koperani mapu pafoni muli pa intaneti, popeza m'zigwa netiweki imatha.

M'udzu muli nkhupakupa zazing'ono kwambiri zomwe zimafalitsa matenda a Lyme. Valani buluku lalitali, lowetsani m'masokosi, ndipo madzulo dziyang'aneni kuseri kwa mawondo, m'khwapa ndi m'chiuno. Mukaipeza musaithire mafuta kapena kuitentha. Gulani kachitsulo kapena kapulasitiki kotchedwa tire-tique kusitolo ya mankhwala, kokani mozunguza. Pakatuluka chibanga chofiira chomakula pakapita masiku, pitani kwa dokotala, ndipo ngati mwabwerera kale ku Mzuzu muwauze kuti munali ku France. Kuyambira Seputembala mpaka Febuluwale ndi nyengo yosaka, makamaka nguluwe. Chikwangwani cha "Chasse en cours" chikutanthauza kuti m'nkhalangomo muli mfuti: tembenukani.

Chakudya gulani m'mawa. Masitolo ambiri ang'onoang'ono amatseka masana kuyambira cha m'ma 12 koloko mpaka 2 koloko, Lamlungu masana, ndipo ena Lolemba lonse, pomwe midzi yaing'ono ingapo ilibe sitolo n'komwe. Polowa nenani "Bonjour" musanapemphe kanthu. Kuiwala moni kumeneko ndi mwano. Madzi tengani malita awiri pa munthu m'nyengo yotentha, ndipo pampopi wolembedwa "eau non potable" musamwe.

Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi ya ku France imafanana ndi ya ku Malawi, miyezi inayo imatsalira ndi ola limodzi. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 9:30 usiku, ndiye musayeze nthawi ndi dzuwa: kunja kukhoza kukhala kowala basi yomaliza itapita kalekale. Mu Disembala mdima umagwa 5 koloko isanadutse kwambiri, ndipo woyenda pa njinga kunja kwa tawuni usiku amafunika nyali ndi chovala chonyezimira mwa lamulo. Pangozi imbani 112, nambala yaulere, n'kutchula dzina la mudzi womwe mwadutsa komaliza ndi mtundu wa chizindikiro chomwe mukutsata.