Mmene mungayendetsere bungwe la triathlon la m'chigawo ndi anthu odzipereka mu Harare

Munthu akaonerera mpikisano wa triathlon koyamba, amabwerera kwawo akukumbukira amene anatuluka m'madzi poyamba ndi amene anafika pa mzere womalizira anzake onse asanaoneke. Sakumbukira mayi amene anaima pa mphambano kuyambira mbandakucha atanyamula mbendera yofiira, akuchenjeza oyendetsa makombi kuti kukubwera ana panjinga, ngakhale kuti mpikisanowo unatheka chifukwa cha mayi ameneyo ndi anzake makumi awiri kapena atatu. Malangizo awa ndi a anthu a chinenero chathu okhala mu Harare ndi m'madera ozungulira amene akufuna kukhazikitsa bungwe la masewerawa la m'chigawo, kapena amene angosankhidwa kumene mu komiti ya bungwe lotere, momwe aliyense amagwira ntchito popanda malipiro.

Komiti iyambe ndi kudziwa masewera ake ndiponso amene ali pamwamba pake. Triathlon ndi mpikisano umodzi wa magawo atatu otsatizana, kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, ndipo wotchi siima pamene wopikisana akusintha kuchoka pa gawo lina kulowa lina. Mtunda wa ku Olimpiki ndi makilomita 1.5 m'madzi, 40 panjinga ndi 10 wapansi, pomwe mtunda waufupi wotchedwa sprint ndi theka lake, mamita 750, makilomita 20 ndi makilomita 5. Bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse linakhazikitsidwa mu 1989 ku Avignon m'dziko la France, ndipo kuyambira 2020 limatchedwa World Triathlon. Masewerawa analowa mu Olimpiki ku Sydney mu 2000. Pansi pa World Triathlon pali Africa Triathlon, ndipo m'dziko muno muli Triathlon Zimbabwe, yomwe ili pansi pa Sports and Recreation Commission, bungwe la boma loyang'anira masewera, monga mabungwe ena a masewera. Kalata yoyamba imene mlembi wanu alembe ipite ku Triathlon Zimbabwe, kufunsa njira yolembetsera bungwe lanu, ndalama za umembala ndi nkhani ya inshuwalansi, chifukwa mwana angapambane mipikisano yanu yonse, koma ngati dzina lake mulibe m'kaundula wa bungwe la dziko, palibe amene angamusankhe kupita kwina kulikonse. Njira imene inafikitsa Chris Felgate, katswiri wa triathlon wa ku Zimbabwe, ku Olimpiki ya ku Beijing mu 2008 ndi ya ku London mu 2012 imadzera m'kaundula ameneyo.

Pa nkhani ya malamulo oyendetsera bungwe sitili alendo. Ambiri a ife tinakulira m'mabanja amene anali m'mabungwe a maliro ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Mabvuku, ndipo tinaona agogo athu akusunga buku la zopereka zaka zambirimbiri popanda kompyuta, dzina lililonse lili ndi mzere wake. Luso lomwelo ndi limene likufunika pano. Malamulo anu akhale aafupi koma anene momveka kuti membala ndani, chigawo chanu chimalekezera pati, msonkhano waukulu wapachaka umachitika mwezi uti, pafunika anthu angati kuti chigamulo chigwire ntchito, ndipo munthu angakhale pa udindo zaka zingati. Kupatula wapampando, mlembi ndi msungichuma, musankhe woyang'anira mipikisano, woyang'anira odzipereka ndiponso woyang'anira chitetezo cha ana. Ndikulangiza kuti othamanga amphamvu asadzaze komiti, popeza tsiku la mpikisano iwo amakhala m'madzi pamene mafunso onse ali kumtunda.

Ndalama ndi zimene zimapasula mabungwe ambiri, ndipo kawirikawiri sizibedwa ayi, zimangosowa kalata yake, kenaka manong'onong'o amayamba. Bungwe likhale ndi akaunti yakeyake ku banki yosainidwa ndi anthu awiri mwa atatu, ndipo awiri a nyumba imodzi asakhale pakati pa atatuwo. Ngati mukulandira ndalama kudzera pa EcoCash, nambala ikhale ya bungwe, osati foni ya msungichuma imene amaguliranso magetsi a kunyumba kwake. Popeza tikugwiritsa ntchito dola ya ku America pamodzi ndi ZiG, ndalama ya dziko lino imene inayamba mu Epulo 2024, risiti iliyonse inene ndalama yake ndi ya mtundu uti, ndipo komiti igwirizane pasadakhale mtengo wosinthira wa tsikulo kuti wokhala pa tebulo lolembetsera asamatsutsane ndi makolo mdima usanachoke. Mtengo wolowera mpikisano ukhale wa madola athunthu, chifukwa chenji ya madola imasowa, ndipo palibe chimene chimatalikitsa mzere ngati kufunafuna masenti makumi asanu. Msungichuma awerenge lipoti pa msonkhano uliwonse wa komiti, ngakhale mwezi umene sipanalowe kanthu. Akampani akalonjeza thandizo, yamikani, lembani kalata, koma musaliike mu bajeti lisanafike, pakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Bajeti ya mpikisano uliwonse iyambe ndi zinthu zosapeweka: dziwe, ambulansi, zofunika pa chilolezo cha msewu, madzi akumwa ndi mayendedwe a odzipereka. Mendulo ndi malaya zibwere pambuyo ngati pali chotsala.

Kalendala imalamulidwa ndi nyengo. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo m'mawa wa mu Juni ndi Julayi madzi a m'dziwe losatenthetsedwa sangalowemo mwana, choncho miyezi yozizira ndi ya duathlon, mpikisano wothamanga, kupalasa ndi kuthamanganso, ndipo triathlon yeniyeni imakwanira bwino kuyambira Seputembala mpaka cha mu Epulo. M'miyezi ya dzinja mabingu amakonda kubwera masana, ndiye chifukwa china choyambira m'mawa kwambiri. Munthu mmodzi, wodziwika kwa onse mpikisano usanayambe, akhale ndi mphamvu yotulutsa anthu m'madzi bingu likamveka, ndipo asabwereremo mpaka patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza, kaya makolo adandaule motani. Musanasindikize masiku anu, yerekezani ndi kalendala ya bungwe la dziko ndi ya sukulu, makamaka sabata ya Africa Triathlon Cup ya ku Troutbeck ku Nyanga, pamene oweruza ndi othamanga odziwa amakhala ali kumapiri.

Za malo osambirira, bungwe latsopano likhale m'dziwe lomangidwa. Nyanja ya Chivero ili ndi ng'ona komanso madzi ake ndi oipitsidwa, ndipo madamu ang'onoang'ono a madzi odikha amabweretsa nkhawa ya likodzo. Maiwe a khonsolo monga la ku Mount Pleasant ndi la Les Brown, pamodzi ndi a sukulu zina, amafunika kuwapempha ndi kalata masabata angapo pasadakhale. Kalata yokha sikwanira. Ife tinafikapo pa dziwe lina Lamlungu m'mawa n'kupeza madzi atasanduka obiriwira chifukwa pampu inakhala masiku osayenda magetsi atazima, ndipo mizere ya pansi sinkaoneka; tinasintha mpikisano kukhala duathlon anthu atavala kale zosambirira. Kuyambira pamenepo munthu amapita Lachisanu kukayang'ana yekha ngati pansi pa mbali yakuya pakuoneka, chifukwa wopulumutsa anthu sangavuule munthu amene sakumuona.

Gawo la njinga ndi limene lili ndi ngozi zazikulu, ndipo ndi pamene komiti iyenera kuthera nthawi yochuluka. Lembani kalata kwa apolisi a Zimbabwe Republic Police ndi ku khonsolo ya mzinda mwezi wathunthu kapena kuposerapo tsiku lisanafike, muikemo mapu, maola ndi chiwerengero cha anthu amene mukuyembekezera, ndipo mlembi asunge kope lodindidwa. Sankhani njira yozungulira yaifupi, mwachitsanzo ya makilomita 5 yobwerezedwa kanayi kuti ikwane 20, popeza njira yaifupi imafuna oima pa mphambano ochepa ndipo ambulansi imafika paliponse msanga. Popeza m'dziko muno timayenda kumanzere kwa msewu, konzani kuti okwera njinga azikhota kumanzere kokhakokha, kuti asamadutse kutsogolo kwa magalimoto ochokera mbali ina. Yendani njirayo panjinga, osati pagalimoto, pa ola lomwelo ndi tsiku lomwelo la sabata limene mpikisano udzachitike, chifukwa msewu umene uli zii Loweruka masana ungakhale wodzaza ndi opita ku tchalitchi Lamlungu nthawi ya 8 koloko. Dzulo lake zungulizani maenje ndi penti yowala, ndipo sesani mchenga ndi timiyala pa makona, makamaka mvula ikagwa usiku, pakuti tayala lopyapyala limaterereka pa mchenga wochepa kwambiri. Anthu okhala m'mbali mwa njirayo alandire kapepala masiku angapo pasadakhale. Oima pa mphambano auzidwe momveka kuti ntchito yawo ndi kulozera okwera njinga ndi kuchenjeza. Kuimitsa magalimoto ndi udindo wa wapolisi, ndipo pa mphambano yaikulu pamene palibe wapolisi njira yanu isadutsepo.

Pa malo osinthira, pomwe njinga zimapachikidwa, malamulo ochepa asungidwe mosanyengerera kuyambira mpikisano woyamba. Wopikisana amange lamba wa chipewa chotetezera mutu asanachotse njinga pa chopachikira, ndipo asamasule mpaka ataibweza. Akwere njinga atadutsa mzere wokwerera, atsike asanafike pa mzere wotsikira. Khomo likhale limodzi, makolo akhale kunja, ndipo njinga isatuluke pamapeto pokhapokha nambala yake ikufanana ndi ya amene waigwira. Ku dziwe, mamita 750 ndi maulendo 15 m'dziwe la mamita 50 kapena 30 m'dziwe la mamita 25, choncho mzere uliwonse ukhale ndi wowerengera wake wokhala ndi pepala ndi pensulo, popeza bolopeni imakana kulemba papepala lonyowa. Ngati mulibe makina owerengera nthawi, mawotchi awiri oyambitsidwa pamodzi ndiponso foni yojambula kanema pa mzere womalizira zimathetsa mikangano yambiri. Tumizani anthu awiri kapena atatu ku maphunziro a oweruza akalengezedwa ndi bungwe la dziko, kuti chigamulo cha pa mpikisano chisamadalire amene ali ndi mawu aakulu.

Tsopano za odzipereka enieniwo. Uthenga wa pa gulu la WhatsApp wakuti tikufuna othandiza subweretsa munthu; chimene chimabweretsa munthu ndi foni yomutchula dzina, yomuuza kuti adzaima pa kona yakuti kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko. Ntchito ikhale yaing'ono, yodziwika poyambira ndi pothera, ndipo ola lomumasula likafika amasulidwedi. Wochokera ku Dzivarasekwa kapena ku Epworth sangapeze kombi mosavuta mdima uli bii Lamlungu, choncho konzani galimoto yowatenga kapena muwapatse ndalama ya ulendo osadikira kuti apemphe, chifukwa munthu wamkulu sapempha, amangosiya kubwera. Tiyi ndi buledi zifike kwa oima kutali, amene nthawi zambiri amaiwalika pamene a pa dziwe akudya. Ikani m'malamulo kuti membala aliyense wamkulu, ngakhale katswiri, apereke mpikisano umodzi pa chaka kuti aime pa msewu m'malo mopikisana. Ena amang'ung'udza chaka choyamba, koma amene anaimapo maola atatu padzuwa sakalipiranso woweruza.

Bungwe la m'chigawo liyeneranso kudzifunsa kuti ana ake akuchokera kuti. Masewerawa amafuna dziwe ndi njinga, zinthu zimene ana ambiri a kumalokesheni alibe, ndipo komiti ikapanda kuchitapo kanthu idzangoona nkhope zomwezo za sukulu zochepa. Yambani ndi maphunziro a kusambira ndi aquathlon, mpikisano wosambira ndi kuthamanga wosafuna njinga, lolani njinga yamtundu uliwonse yokhala ndi mabuleki abwino, ndipo lolani matimu a anthu atatu momwe aliyense amatenga gawo limodzi. Pemphani mamembala njinga ndi zipewa zimene ana awo anazikula, muzilembe m'buku ndi kuzibwereketsa. Mwana aliyense abwere ndi chilolezo cholembedwa cha kholo, mitunda yake ikhale yaifupi molingana ndi msinkhu, ndipo mphunzitsi asakhale yekha ndi mwana, kaya m'galimoto kaya m'chipinda chosinthira zovala. Poika ana m'magulu, tsatirani lamulo la World Triathlon lowerengera zaka zimene munthu adzakhale nazo pa 31 Disembala chaka cha mpikisanowo, kuti mwana asasinthe gulu pakati pa chaka.

Mpikisano ukatha, komiti ikumane sabata isanathe ndi kulemba tsamba limodzi lonena zimene zinayenda, zimene zinalakwika, amene anavulala ndi ndalama zimene zinalowa ndi kutuluka. Tsambalo lilowe m'faelo limodzi ndi mapu a njira, makope a makalata odindidwa, mndandanda wa katundu ndi kumene akusungidwa, ndiponso manambala a maofesi amene munagwira nawo ntchito. Mawu achinsinsi a imelo ndi a tsamba la bungwe la pa Facebook adziwike kwa anthu osachepera awiri, chifukwa anthu athu amasamuka, wina ku Johannesburg, wina kubwerera ku Lilongwe, ndipo bungwe lingatsale lopanda njira yolowera mu akaunti yake yomwe. Konzani zisankho kuti theka lokha la komiti lizituluka pa chaka, ndipo woyang'anira mipikisano aliyense akhale ndi womutsatira amene adzayendetse yekha mpikisano umodzi waung'ono mwini wake ali pomwepo akungoyang'ana, chaka chake chomaliza chisanathe.