Khanda likamalira m'chifuwa ngati kamphaka, nazi zomwe mungachite kunyumba

Wanga anadwala ali ndi miyezi 5. Zinayamba ngati chimfine wamba, timamina pang'ono, kufika tsiku lachitatu m'chifuwa mukulira, bere akungoligwira n'kulisiya. Kuchipatala anati ndi bronchiolitis, kutupa kwa timachubu ting'onoting'ono ta m'mapapo, kachilombo kake nthawi zambiri ndi RSV ndipo kamakonda ana osakwana zaka 2. Poti ndi vairasi, amoxicillin palibe chomwe angachite. Ndanena dala chifukwa kumsika kuli anyamata ogulitsa makapisozi pathebulo limodzi ndi mankhwala a makoswe, akuuzani mutsegule kapisozi mumusungunulire mwana. Musayerekeze.

Choyamba ndi mphuno. Khanda limadalira mphuno popuma, ikatsekeka kuyamwa kumakanika. Gulani madontho a saline, ndi madzi amchere chabe, pakabotolo palembedwe kuti sodium chloride 0.9%. Muwerenge ndithu, chifukwa mashopu ena angokupatsani madontho otsegula mphuno a akuluakulu aja, amenewo kwa khanda ndi oopsa. Mtengo sindinena, kwacha yathuyi mukuidziwa, koma ndi bwino ndalamayo ipite pamenepa kusiyana ndi masirapu a chifuwa omwe kwa mwana wamng'ono chonchi sathandiza. Mugonekeni chagada, dontho limodzi kapena awiri mbali iliyonse, dikirani pang'ono afewe, kenako kokani ndi kampira kokokera mamina kaja, mufinye kaye musanalowetse ndipo ilowe nsonga yokha. Chitani asanayamwe ndi asanagone basi, mukamangokoka mphindi iliyonse mphuno imatupa.

Tsopano pomwe ine ndinalakwitsa. Azakhali anga atabwera kudzazonda anati makhololo akakamira, mwanayu amafunika kumugogoda pamsana ndi pachifuwa kuti atsike, ndipo ndinali nditaonanso kavidiyo pa Facebook, munthu atapinda dzanja ngati kambale akuwomba mwana, iwo amati physio. Usiku umenewo ndinangomaliza kumuyamwitsa, ndinamugoneka chafufumimba pantchafu mutu utazyolika, n'kuyamba pha pha pha. Sizinatenge nthawi. Anasanza mkaka wonse, wina kutulukira m'mphuno, kutsamwa, nkhope kusintha mtundu, kulira kosatuluka mawu. Bambo ake anathamangira kukagogoda kwa wanjinga yamoto cha m'ma 11 usiku, ine chitenje chili m'manja, patapata mbali imodzi.

Anesi omwe anatilandira sanandikalipire, anangondifunsa zomwe ndinachita kenako n'kundifotokozera. Vuto la matendawa ndi loti timachubu tatupa mkati, ndiye kugogoda kunja sikuphwetsa chotupacho, mumangomutopetsa mwana yemwe akuvutika kale kupuma. Ndipo si maganizo awo okha ayi, akafukufuku anayesa njira zimenezi, kugogoda, kunjenjemeretsa chifuwa, kufinya kuti mpweya utuluke mwamphamvu, anapeza kuti ana sachira msanga, kufinya mwamphamvuko kumachititsanso ena kusanza ndi kubanika. Physio yapachifuwa ilipo inde koma ndi ya ana omwe ali ndi matenda ena owalepheretsa kutsokomola okha, ndipo amachita ndi anthu ophunzira kuchipatala, osati ife pamkeka. Ndiye sitepe imeneyi idumpheni, ngakhale anene ndi apongozi.

M'malo mwake mukakhala naye m'maso munyamuleni choimirira, mutu paphewa panu. Pogona agone chagada monga mwa masiku onse, opanda pilo.

Kuyamwitsa: pang'onopang'ono koma pafupipafupi, chifukwa akakhuta kwambiri amabanika. Muziyang'ana thewera, akatha maola 12 osanyowetsa kapena akuyamwa zosakwana theka la momwe amayamwira, nyamukani mupite kuchipatala.

Utsi wonse panja. Mbaula, nkhuni, koyilo ya udzudzu, fodya wa abambo. Zomufunditsa bulangete pa nthunzi ya bulugamu musachite, ana amapsa nazo. Vicks ayi. Uchinso ayi ngati sanakwane chaka.

Chomaliza phunzirani kuwerenga mpweya, foni muli nayo. Mwana ali phee, vulani malaya, werengani kukwera kwa mimba kwa mphindi imodzi yathunthu. Wosakwana miyezi 2 akafika 60, kapena wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, akupuma mofulumira, pitani akamuone chifukwa chingakhalenso chibayo. Pansi pa nthiti pakamalowa mkati akamakoka mpweya, kubuula, milomo kuda, kusiya kupuma kwa kanthawi, kufooka osadzuka, kukana bere, zimenezo musadikire kuche. Thupi likatentha akayezetsenso malungo, ndipo khanda losakwana miyezi 3 kapena lobadwa masiku osakwana musachedwe nalo n'komwe. Kabuku ka kusikelo musaiwale.

Masiku ovuta ndi tsiku lachitatu mpaka lachisanu chiyambireni kudwala, kenako zimayamba kutsika. Chifuwa chokha chimatha kukakamira mpaka masabata 3, wanga anatsokomola mpaka ndinatopa nako kumva. Kampira kaja muzikatsuka ndi sopo ndi madzi otentha mukamaliza, kanga ndinakaiwala sabata yonse, nditakafinya zomwe zinatuluka sindingalembe pano.