Manja ankathamanga kusiya mapazi

Ndili ndi zaka 16 ndinapita kukayesedwa ku gulu lina la ng'oma ndi malipenga lomwe limapikisana mu Drum Corps International ku America. Unali mwezi wa Novembala, ndipo mtima wanga wonse unali pa ng'oma ya snare, yomwe oguba amaimenya ndi ndodo ziwiri. Mphunzitsi anandiuza chinthu chimodzi chokha: ndikaima ndimaimba bwino, koma ndikangoyamba kuguba, manja amathamanga kusiya mapazi.

Kunyumba ndinatchera metronome, kachipangizo kogunda kosonyeza liwiro la nyimbo, kuti kazigunda ka 90 pa mphindi, pang'onopang'ono kwambiri, n'kumaponda pamalo amodzi, phazi lamanzere pa 1 ndi 3 ndikamawerenga 1, 2, 3, 4, kwinaku ndikumenya kachimphira koyeserera. Madzulo aliwonse ndinkadzijambula pafoni. Vidiyo ndi imene inaulula gwero lake. Dzanja lamanzere, lomwe pa snare limagwira ndodo chogadama, linkauma gwa, ndodo osadumpha yokha, ndiye ndinkaikankha nthawi isanakwane. Ndinaphunzira kumasula zala, ndipo liwiro ndinkaonjezera ndi 4 pokhapokha ndikadutsa kasanu osaphonya. Kufika cha pa 160 kunanditengera milungu isanu yathunthu.

Nditabwerera mu Januwale, mphunzitsi yemwe uja anandiyang'ana mapazi nthawi yaitali, kenako anandiika mu mzere wa oimba snare.